Utoto wa Mikeka

1. Zidebe ziwiri

Tsiku la nikaha, ukwati wa Chisilamu wa Zainab, mtsikana aliyense wa pabanjapo anali ndi ntchito yake. Ena anali a nkhuni, ena a madzi, ena osankha mpunga. Rahila, mng'ono wake wa mkwatibwi, anapatsidwa ntchito imene onse ankaisirira, yokonza juwisi wa malambe woti alendo amwe akatha kudya.

Rahila anali mu fomu 3 ndipo m'kalasi sankagona. Koma pakhomo anali ndi dzina lina, lakuti Ndaiwala. Ukamutuma mchere ankabwera ndi sopo, ukamutuma sopo ankabwera ndi nkhani za kumsika. Choncho amayi ake atamusankha, anthu ena anayang'anana, ndipo iye anaona.

Amayi akewo anamukokera pambali kutatsala masiku awiri.

"Akuchimuna akuchokera ku Ngala," anatero. "Ine ndinawauza kale kuti kwathu kuno kwa Malengachanzi juwisi timapanga wofiira ngati wa kusitolo. Alongo ake a bambo a mkwati ndi mayi wa pakamwa, akaona cholakwika chimodzi amachinyamula mpaka ku Dwangwa. Iyi ndi amana, mwana wanga, ndakusungitsa ulemu wa nyumba ino. Mawa ukapita kuboma ukagule kabotolo ka utoto wa zakudya. Usaiwale."

Lamulungu litafika, Rahila anadzuka limodzi ndi azana yoitanira anthu ku mapemphero a m'bandakucha. Ananyika malambe, anawafinya, anasefa ndi kansalu koyera, anathira shuga. Mnzake wa m'kalasi, Tione, anajomba kutchalitchi kuti adzamuthandize. Pofika sikisi koloko zidebe ziwiri zinali zodzaza, ndipo juwisiyo anali wokoma moti awiriwo analawa kangapo ponamizira kuyesa shuga.

"Bweretsa utoto uja tsopano," anatero Tione.

Rahila anaima chilili, chikho chili m'manja. Kuboma anapitadi, nagula timakapu, riboni ndi ndolo za Zainab. Kabotolo kaja sikanabwere m'mutu mwake ngakhale kamodzi.

2. Utoto ndi utoto

Kuboma kunali kutali, ndipo okala ya pafupi inkagulitsa machesi, sopo ndi mabisiketi basi. Rahila anakhala pa mtondo, misozi ili pafupi.

"Usalire pa tsiku la chisangalalo," anatero Tione. "Kodi amayi ako sanapake mlaza dzana?"

Zinali zoona. Amayi a Rahila ndi odziwa kuluka mikeka, ndipo anali atalukira Zainab mkeka wa mizere yofiira woti apite nawo kubanja. Mlaza wake anauwiritsa mu sufuriya yaikulu pamodzi ndi utoto wa ufa, uja amagulitsa pamsika m'timapepala topindapinda. Timapepala tiwiri tinatsala pa zenera.

"Umenewo ndi wa mikeka," anatero Rahila.

"Utoto ndi utoto. Suwawa, sununkha, ndipo umagwira kuposa wa m'botolo. Kansonga ka supuni kokha kakwana chidebe chonse."

"Ukudziwa bwanji?"

"Ndikudziwa basi. Tatenga."

Akulu anati safunsa anadya phula, koma Rahila analibe mtima wofunsa, chifukwa kufunsa kunali kuulula kuti waiwalanso. Anatenga kapepala kamodzi, nathira pang'ono m'chidebe chilichonse. Juwisi anafiira psuu, mokongola kuposa mmene amayi ake analonjezera. Atsikanawo anamwa kapu imodzi imodzi, anaonetsana malilime ofiira naseka. Kenaka anavundikira zidebezo, nazisiya m'chipinda chozizirira kuseri kwa khitchini.

Amayi anasuzumira, anatsegula chivundikiro, anagwedeza mutu mokhutira. "Alhamdulillah, lero wakumbukira," anatero, nathamangira kwa ophika. Rahila anasangalala ndi mawuwo, ngakhale sanali ake.

3. Amalume a Fakiri afika

Cha m'ma naini, amalume a Fakiri anafika pa njinga yawo, mbuzi ya phwando ikulira pa kaliyala. Iwowa ndi mchimwene wawo wa amayi a Rahila. Anagwira ntchito zaka makumi atatu mu labu ya chipatala, akuyeza magazi, makhololo ndi chimbudzi cha odwala, mpaka anapuma n'kubwerera kumudzi kudzalima mpunga. Azimayi a m'mudzimo ankawatcha a Fakiri a zimbudzi, ndipo eni ake ankavomera dzinalo ndi manja awiri.

Atapereka salamu n'kumasula mbuzi, maso awo anagwera pa mayi Keti, mkulu wa ophika, amene ankakwecha sufuriya yaikulu ndi mchenga. Madzi otuluka m'menemo anali ofiira.

"Mayi Keti, sufuriya imeneyo mukufuna muphikiremo chiyani?"

"Mpunga wa alendo. Miphika yachepa."

"Si yomwe achemwali amawiritsiramo mlaza?"

"Ndi yomweyo, koma ndikutsuka. Kapena mukufuna muiyeze kaye ku labu?"

Azimayi onse anaseka. Amalume anasekanso, koma anakoka kampando nakhala pakati pawo. Amene ankawadziwa anaika mipeni pansi, podziwa kuti lero kuli sukulu. Rahila ndi Tione anali pomwepo, akusenda anyezi.

4. Za tizilombo ta m'matumbo

"Mumandiseka kuti ndinakalambira pa chimbudzi cha anthu, ndipo sindikana," anayamba amalume. "Koma m'menemo ndinaphunzira zimene pamsika sagulitsa. M'matumbo mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tochuluka kuposa anthu onse a padziko lapansi. Inu muli nato, ine ndili nato, a shehe amene akubwera masanawa alinso nato. Dzina lake la kusukulu ndi mabakiteriya. Musanyansidwe, tambiri mwa ito ndi tantchito tathu. Timagaya zimene mimba yalephera, timapanga mavitamini ena, timapitikitsa tinzake toyambitsa matenda. Nthawi zina timagwira ngakhale poizoni n'kumufooketsa kuti atuluke osatipweteka.

"Koma tili ndi khalidwe limodzi la chigayo. Ukathira chimanga chabwino chimagaya, ukathira mbewu yopaka mankhwala chimagayanso. Sichifunsa. Tizilomboti chilichonse chofika m'matumbo timachiphwanya kuti tipeze chakudya chake, ndipo chotuluka pamenepo nthawi zina chimakhala choipa kuposa chimene chinalowa."

"Nanga sufuriya yanga yalowamo bwanji?" anafunsa mayi Keti.

"Ndikubwera komweko. Utoto wambiri wa nsalu ndi mikeka, makamaka wofiira ndi wachikasu, umapangidwa ndi tizidutswa tiwiri tomangidwa pakati, ngati mabwato awiri pa chingwe chimodzi. Kumangikako ndi kumene kumabweretsa mtundu. Utoto wotere ukafika m'matumbo, mabakiteriya amadula chingwe chija. Kufiira kumathera pomwepo. Zotsalazo zilibe mtundu, zilibe fungo, ndipo zimadutsa mosavuta kulowa m'magazi. Zikafika ku chiwindi, chiwindicho chimayesa kuzisintha kuti chizitaye, koma zina m'malo mofooka zimalusa.

"Tsono mu selo iliyonse ya thupi muli malangizo olembedwa, amene ana athu a sekondale amawatcha DNA. Ndi amene amauza selo nthawi yokula, nthawi yoswana ndi nthawi yoleka. Zidutswa zolusa zija zimakakamira pa malangizowo n'kusokoneza zilembo. Thupi limakonza zolakwika zambiri, koma zina zimalipulumuka. Selo ikamawerenga zolakwika, tsiku lina imayamba kuswana osaleka. Imeneyo ndiyo khansa, ndipo kawirikawiri imagwira chikhodzodzo, popeza zonyansazo zimakadikirira kumeneko mumkodzo."

Mayi wina wachikulire anati, "Koma a Fakiri, chaka chatha tinaphikiramo nsomba pa sadaka. Wafa ndani?"

"Palibe amene amagwa tsiku lomwelo, mayi. Chikanakhala chotsegula m'mimba bwenzi tonse tikuchiopa, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ichi sichimveka. Chimasonkhana pang'onopang'ono, zaka khumi, zaka makumi awiri, ndipo chikadzatulukira timayamba kulozana zala kuti wakuti walodza wakuti. Sichigwiranso aliyense mofanana, chifukwa tizilombo ta munthu uyu timasiyana ndi ta munthu uyo. Wina adzapulumuka, wina ayi, ndipo palibe amene amadziwiratu. Ana ndi amene amandimvetsa chisoni, poti zaka zodikirira ali nazo zambiri."

"Nanga wa m'botolo timathira mu keke uja?" anafunsa amayi a Rahila.

"Umenewonso tizilombo timaudula, achemwali. Koma uja anauyeza, anaona kuti zidutswa zake zimatuluka ndi mkodzo ngati munthu akuthira pang'ono. Botolo lake lili ndi dzina, ndipo analemba kuti ndi wa zakudya. Uwu wa m'timapepala ulibe dzina, ulibe mwini. Sindinama kuti ndikudziwa zili m'menemo, ndipo wogulitsayo sadziwanso. Mwina ndi woopsa kwambiri, mwina pang'ono. Koma kodi mlendo wovala bwino, wochoka ku Ngala m'mamawa, mungamupatse chakudya cha mwina? Ndi chifukwa chakenso ndimakuletsani kutaya madzi a utoto m'ngalande yopita kunyanja, kumene ana amasamba n'kumeza madzi, ndi kukolezera moto wowambira nsomba ndi mapulasitiki. Zonsezo zimathera m'matumbo mwathu, ndipo chigayo chija sichikana."

Mayi Keti anayang'ana sufuriya, nayang'ana amalume. "Basi a dokotala, mwawina. Tione, thamanga ukabwereke ina kwa aneba athu a Zaidi."

"Tione akusenda anyezi, ndipita ndine," anatero mayi wina, nanyamuka akupukuta manja. Kuseka kunayambiranso, nyimbo za ukwati zinabwerera, ndipo amalume anapita kukaona zozinga mbuzi.

5. Kuseri kwa khitchini

Rahila anasiya mpeni napita ku chipinda cha zidebe. Tione anamutsatira natseka chitseko.

"Usachite zopusa," anatero Tione. "Palibe akudziwa."

"Iwo akukana madontho otsalira mu sufuriya yotsuka. Ife tathira ufa weniweniwo."

"Kapu imodzi yokha munthu aliyense. Amalume akowo anena okha kuti mwina."

"Ana samwa kapu imodzi, Tione. Amabwereza katatu, ena amanyambita ndi chidebe chomwe."

"Nanga ukataya upanga wina ndi chiyani? Malambe atha, shuga watha, alendo afika ikatha swala ya masana kumzikiti. Ukanena, dzina lako lija lifika ku Ngala lero lomwe, ndipo amayi ako sadzakutumanso ngakhale madzi akumwa."

Zimenezo zinali zoona, ndipo Rahila anachita mantha. Anatsegula chivundikiro. Juwisi anali phee, wokongola, woti aliyense akanamuyamikira. Anavundikiranso, nakonza mpango wake kumutu.

"Ndikukawauza," anatero.

"Dzina langa usatchule."

"Sinditchula. Woiwala ndine, wothira ndine."

Anawapeza amayi ake m'chipinda akupinda nsalu za mkwatibwi. Anagwada pakhomo nanena zonse mosazungulira: kuti kabotolo sanagule, kuti anaopa kunena, kuti wathira utoto wa mikeka m'zidebe zonse ziwiri.

Amayi sanakuwe. Anakhala pa bedi, nsalu ili pamiyendo, namuyang'ana.

"Wina amene akudziwa ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mnzanga mmodzi yekha."

Amayi anayang'ana pa zenera, kumene azibambo ankamanga tenti. Nawonso manyazi a masanawo ankawaona bwinobwino. Kenaka anapuma mozama.

"Kuiwala kwako ndinakuzolowera, Rahila. Chimene chandipweteka ndi chakuti ndinakuyamikira m'mawa uja, iwe n'kukhala chete. Munthu akalakwa n'kubisa amalakwa kawiri, chifukwa amamana anzake nthawi yokonza. Ukanandiuza sikisi koloko bwenzi titatuma kabaza kuboma, shuga wathu ali bwinobwino. Taona tsopano, madzi akatayika saoleka. Koma ndi bwino kuti wabwera zisanalowe m'mimba mwa ana a eni. Dzuka, kaitane amalume ako."

6. Dzenje ndi chidede

Amalume atamva nkhaniyo anamuuza Rahila kuti atulutse lilime. Analiyang'ana ngati mmene ankayang'anira za ku labu, kenaka anaseka.

"Usanjenjemere, mwana wa mlongo wanga. Kapu imodzi ya tsiku limodzi si yoti ikusowetse tulo. Choopsa ndi chizolowezi, lero pang'ono, mawa pang'ono. Imwa madzi ambiri, basi. Koma zidebezi sizifika pa tenti."

Rahila ankafuna kukhuthulira m'ngalande kuti zithe msanga, koma amalume anamupatsa khasu. Anakumba dzenje kuseri kwa nthochi, kutali ndi chitsime, nathiramo juwisi yense. Azimayi ena anabwera kudzaonerera, akudandaula shuga ngati akudandaula munthu. Rahila anakwirira dzenjelo nkhope ili pansi. Zidebe zija amayi anati kuyambira tsikulo zikhale zonyikamo mlaza.

Nthawi inali itakwana leveni. Mayi Keti, amene pakamwa pake ndi poyabwa koma mtima ndi wabwino, anatumiza uthenga m'nyumba zoyandikana. Kunabwera malambe a m'lichero kuchokera uku, a m'kathumba kuchokera uko. Shuga anatenga amene anasungira tiyi wa mawa lake. Zonse pamodzi zinakwana ndowa imodzi, yoyera ngati phala la mwana.

"Wofiira uja ndiye watha," anatero amayi.

Rahila anakumbukira chidede cha m'mphepete mwa dimba lawo, chimene zipatso zake zinali zitafiira. Anafunsa kaye amalume, popeza tsopano anali ataphunzira kufunsa.

"Chidede ndi ndiwo, makolo athu akhala akudya," anatero amalume. "Thamanga."

Anathyola lichero lodzaza, anachotsa njere, anawiritsa, anasefa, nathira mu ndowa. Kunena zoona, mtundu wake sunali woti munthu n'kuutamanda. Unali pakati pa wofiira ndi wa madzi a nyemba. Koma kakomedwe kake kanali kena, kowawasa pang'ono kumapeto.

Nikaha inamangidwa bwino kumzikiti. Alendo anabwera ndi nyimbo, anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi mpaka ena anamasula malamba. Ndiye inafika nthawi ya Rahila. Anayenda ndi thireyi, akuthira theka theka kuti akwanire.

Azakhali a mkwati, mayi wa pakamwa uja, ananyamula kapu yawo naipenda kudzuwa.

"Asebere, kodi uyu ndi wofiira uja munkatiuza?" anafunsa mokweza kuti onse amve.

Amayi anatsegula pakamwa, koma Rahila anayamba ndiye. Anagwada nati, "Wolakwa ndine, amayi. Wofiirayo ndinathiramo utoto wosayenera, ndiye ndataya. Uyu ndi wa malambe ndi chidede."

"Wataya wekha?"

"Eya, zidebe ziwiri."

Azakhaliwo anamwa pang'ono, anatapitsa lilime, anamwanso mpaka kapu inauma. Anaitambasula kwa Rahila.

"Mtundu wake ngwoipa, mwana iwe, usadzaupangenso pa ukwati wako. Koma thira wina. Yewo ukongwa, kwathu timathokoza choncho." Kenaka anatembenukira kwa anzawo. "Nyumba imene mwana amataya zidebe ziwiri kuti alendo asadwale, mwana wathu akadyako bwino."

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Juwisi sanakwanire onse, ndipo anyamata a kumbuyo ananyinyirika mpaka anapatsidwa thobwa. Amayi podutsa anangomufinya Rahila paphewa. Mtima wa Rahila unadzaza chimwemwe, moti thireyi ija inapepuka.

7. Pa mjigo

Alendo atanyamuka, cha m'ma folo, Rahila ndi Tione anatenga makapu kukatsuka pa mjigo. Rahila ankayimba nyimbo za ukwati ndi kuyerekeza mawu a azakhali aja. Tione sankaseka. Kuyambira nthawi ya amalume ija anali asanalankhule zambiri, ndipo mpunga wake anausiya theka.

"Wakwiya nane?" anafunsa Rahila.

"Ayi."

"Dzina lako sindinatchule."

"Ndikudziwa." Tione anatsuka kapu imodzi kawiri, naiika mu beseni. "Unandifunsa m'mawa kuti ndikudziwa bwanji za kansonga ka supuni."

"Eya."

"Mafilizesi amene amayi amagulitsa pageti la pulaimale, ofiira aja ndi achikasu. Amathira womwewu. Chino ndi chaka chachitatu, chimwalirireni bambo. Wosakaniza ndimakhala ine."

Rahila anasiya kupopa. Mlongo wake wamng'ono, Ikram, wa sitandade 2, ankabwera kunyumba ndi milomo yofiira pafupifupi tsiku lililonse, ndipo onse ankangomuseka.

"Sankadziwa, Rahila. Ifenso timamwa omwewo. A mawa anaumitsa kale, adzaza bokosi lonse, ndipo ndi amene timadyera." Tione anamugwira dzanja mwamphamvu, maso ali ndi misozi. "Ndilonjeze kuti suwauza amalume ako."

Rahila asanayankhe, belu la njinga linalira panjira. Anali amalume a Fakiri, akubwerera kwawo ndi mwendo wa mbuzi pa kaliyala. Anatsika, natsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, nabwera kudzasamba m'manja.

"Mwakhala chete bwanji, asungwana?" anafunsa. "Kapena pali china chimene sindinamve?"

Tione sanasiye dzanja la Rahila.